Waya wa ku Chipinda cha a Muhiwa

Ntchito ya sola sindinachite kuifunafuna. Inandipeza nditakhala pakhonde la aneba, ndikuonerera.

Ndinali ndi zaka makumi awiri. Makolo anga onse anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinakulira kwa agogo anga akuchikazi m'mudzi wina wa kwa Kapichi, kumene minda ya anthu imathera pa mzere woyamba wa tiyi wa esiteti. Agogo anathyola tiyi mpaka mawondo atakana. Ine nditalemba Folomu 4 ndinalowa m'malo mwawo nyengo imodzi ya mvula, koma sikelo sinkandikonda. Manja anga anali ochedwa. Kapitawo ankati ndimathyola ngati ndikusankha mpunga.

Loweruka lina aneba athu anaitana munthu wodzawaikira sola. Anali a Makwiti, bambo wamfupi wa imvi za m'mbali, amene anali ndi kashopu ka zamagetsi ku boma. Ndinawayang'ana kuyambira m'mawa. Pofika masana ndinali nditaona kuti akangomaliza kusenda waya amafuna sikuludalaivala yaing'ono, ndipo nthawi zonse amaiwala pamene aisiya. Kachitatu ndinawapatsira asanaifunefune.

"Mwana uyu ndi wa ndani? Amayankhula?" anafunsa.

"Ndi wanga," anayankha agogo, amene anali atabwera kudzandiitana. "Eneless. Kuyankhula amayankhula, koma muzidikira."

"Chaka chino ndachotsa anyamata awiri olongolola. Lolemba abwere."

Miyezi iwiri yoyamba ntchito yanga inali kunyamula bokosi ndi kuphunzira zam'kati mwake: pulayasi, mpeni wosendera waya, hamala, sipanala ya teni yomangira mitu ya batire, mita yoyezera mphamvu, tepi wakuda, makilipi okhomera waya kukhoma, ndi makonekita, omwe ndi timidadada tapulasitiki ta masikuluwu tolumikizira mawaya awiri.

Sola ya m'nyumba za kwathu ilibe zambiri. Padenga pamakhala panelo, pansi batire, pakati kontolola. Kontololayo ndiye mlonda: amaletsa batire kudzaza mopitirira, ndipo mphamvu ikatsika kwambiri amazimitsa mababu kuti batire isafe. Polumikiza umayamba batire kupita ku kontolola, panelo pambuyo. Wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda. Pa waya wofiira wochoka ku batire umaika fyuzi, pafupi penipeni, osapitirira chikhatho chimodzi kuchokera pa mutu wa batire. Mababu onse amatenga moto ku kontolola. Palibe kanthu kololedwa kutenga moto pa batire penipeni.

Sabata yachiwiri a Makwiti ananditengera kuseri kwa shopu. Anatenga kachidutswa ka waya woonda, nkukagwira ndi pulayasi, nkukagunditsa mitu iwiri ya batire yakale. Ndisanaphethire kawiri kanali katafiira ngati khala, pulasitiki yake ikuchucha.

"Anthu amati sola siluma," anatero. "Nzoona, ungagwire ndi dzanja, sikukoka ngati magetsi a m'tauni. Koma imawotcha nyumba. Fyuzi ilipo kuti ife iyo, nyumba itsale."

Pa nkhani yolumikiza mawaya sankaseka. Kupota mawaya awiri nkukulunga tepi, momwe amachitira anthu pa wailesi zawo, ankakutcha ufiti. Polumikiza pamafunika konekita, konekitayo ikhale m'kabokosi, kabokosiko kakhomedwe kukhoma. Ukamanga sikuluwu, ukoke wayayo. "Koka ngati ukudana naye. Akatuluka uli pomwepo ndi bwino, kusiyana nkuti atuluke iwe uli kwanu." Waya asalendewere m'malere, akhomedwe ndi makilipi kapena adutse m'paipi.

Zonsezi ndinkazidziwa bwino tsiku limene tinapita kwa a Muhiwa. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti sindinaphunzitsidwe.

Munali mu Meyi. Nyumbayo inali ya zidina, ya malata, zipinda ziwiri ndi pabalaza, m'mudzi woyandikana ndi wathu. Pansi pa malata anasokerera matumba a feteleza ngati siling'i, monga amachitira ambiri kwathu pothawa kuzizira. Mayi Muhiwa anali wothyola tiyi. Amuna awo kale ankayendetsa thirakitala yotuta masamba kupita ku fakitale, koma zaka ziwiri m'mbuyomo anachita sitiroko. Mbali yakumanja inafa yonse. Sankadzuka okha, ndipo mawu amene anawatsalira anali ochepa.

A Makwiti atakwera padenga, mayiwo ananditengera kuchipinda kukandisonyeza pofunika babu.

"Apa, pamwamba pa bedi. Enawo ngakhale asayake, ili lokha liziyaka."

Anandifotokozera akuwapukuta amuna awo pakamwa. Ankadzuka folo koloko, kuwasambitsa, kuwasintha, kuwadyetsa phala, kuwatembenuzira mbali ina, kenako kuthamangira ku tiyi. Zonsezo ankachita ndi tochi ya foni atailuma kukamwa.

"Alamu anga a Feliya, achemwali awo a bambowa, akuti awatenge apite nawo kwawo ku Goliati. Akuti mkamwini akadwala chonchi abwerere kwa abale ake, poti ine ndimawasiya okha tsiku lonse. Nanga ndikapanda kupita ku tiyi adya chiyani? Zaka makumi atatu ndakhala nawo, lero ndiye ndalephera? Aone okha kuti muno muli magetsi, muli ukhondo, munthu akusamalidwa."

Bambowo ankandiyang'ana ndi diso lawo lamphamvu, kutsatira manja anga ngati munthu wodziwa zitsulo.

Waya wa kuchipindako unaperewera. Mpukutu unathera pamwamba pa khoma logawa zipinda, kutatsala mikono iwiri kuti ufike pa phaso la pamwamba pa bedi. Kachidutswa kena kanalipo m'bokosi, koma makonekita tinali titamalizira ku nyumba ina m'mawa womwewo. Ku boma kunali kutali, ndipo kumwamba kunali kutayamba kuda. Ndinasenda nsonga zinayi, nkupota wofiira ndi wofiira, wakuda ndi wakuda, nkukulunga tepi. Mfundo ziwirizo ndinaziika pamalo amodzi, moyandikana, zolekanitsidwa ndi tepi yekha. Makilipi nawo anakana: dothi lomatira khoma linkangoyoyoka ndikakhoma. Choncho wayayo ndinangomukoka kuchoka pakhoma kupita pa phaso, kudutsa m'malere pakona ya chipinda.

A Makwiti atatsika anayendera kontolola, fyuzi ndi batire. Kuchipinda sanalowe, chifukwa wodwala anali akusinthidwa. Anaima pakhomo atayang'ana kumbali.

"Ene, m'katimo zili bwino?"

"Zili bwino."

Mumtima ndinati ndidzabwera ndi konekita sabata yamawa.

Titayatsa, bambo Muhiwa anayang'ana babu lija nthawi yaitali, kenako anati, "Eya."

"Mwaona, abambo?" anatero akazi awo. "Tsopano ndiziona bwinobwino kunyansa kwanu konse. Mwina ndithawa."

Bambowo anaseka ndi theka la pakamwa mpaka kutsokomola.

Sabata yamawa ija sinafike. Ntchito zinachuluka, babu linkayaka, ndipo munthu ukalakwa koma osaona chotsatira, umayamba kuiwala kuti unalakwa.

Mu Julaye kunagwa chiperoni. Amene sanakhaleko ku Thyolo sangamvetse: nkhungu yozizira ndi kamvula kosalekeza, masiku asanu kapena asanu ndi limodzi dzuwa osaoneka, zovala osauma, nkhuni osayaka. Panelo pa masiku otere simapereka kanthu. Foni ya a Makwiti inkangolira, aliyense akuti sola yafa. Lachisanu anandituma ndekha kwa a Muhiwa.

"Ukayeze batire, uwauze adikire dzuwa. Palibenso china chochita."

Ndinapeza mayiwo ataweruka kale, poti nyengo yozizira masamba amachepa. Mita inaonetsa 11.4, kusonyeza kuti mphamvu ya batire inali itatsika kwambiri. Kontolola anali atachita ntchito yake: anazimitsa mababu. Ndinawafotokozera kuti palibe chafa, kuti dzuwa likatuluka ziyaka zokha.

"Dzuwa lituluka liti, mwananga?"



Anandigwira dzanja nkunditengera kuchipinda. Pamphumi pa bambo Muhiwa panali chotupa chachikulu chakuda. M'mamawa wa tsikulo, powatembenuza mumdima, anaterereka nkumenyetsa mutu pa mwendo wa bedi. Foni inali itathanso moto.

"Alamu anga akubwera Lamulungu. Akaona ichi, nkupeza muno muli mdima, basi kwatha. Batire muli moto pang'ono, si choncho? Wanena wekha. Kababu kamodzi kokha, theka la ola m'mamawa. Sindiwauza abwana ako."

Ndinakulira m'nyumba mmene munadutsa matenda. Fungo la chipinda chimenecho ndinkalidziwa, ndipo ndinkadziwanso momwe abale amayankhulira akabwera kudzaona ngati wosamalira akusamala. Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinamasula waya wa kuchipinda pa kontolola, nkutenga sipanala ya teni, nkumanga nsonga zake pa mitu ya batire penipeni, molambalala fyuzi. Sizinanditengere mphindi zitatu. Babu linayaka mofooka.

"Dzuwa likangotuluka ndibwera kudzabwezeretsa," ndinatero.

Polowanso kuchipinda kukaona babu ndi pamene ndinakweza maso pakona paja. Waya wanga anali atasanduka chingwe choyanikapo. Panali nsalu zoyala pabedi, mabuluku awiri a bambowo, ndi zovala zawo zam'kati, zonse zonyowa. Wayayo anali atagwa mimba ndi kulemera, ndipo tepi wa pa mfundo paja ankanyezimira ndi madzi.

Ndinamvetsa chifukwa chake. Panja sizikanauma. Komanso ngakhale kukanakhala dzuwa, mayi Muhiwa sankayanika panja nsalu za amuna awo. Sankafuna kuti mudzi uziwerenga kuti bambo amene kale ankayendetsa thirakitala wasinthidwa kangati lero. Pabalaza pankalowa alendo. Malo obisika anali pakona pomwepo.

Kwathu mtsikana satchula zovala zam'kati za bambo wamkulu. Ngakhale kuziyang'ana sayenera; ukaziona umakhala ngati sunaone. Kuti ndinene kuti "chotsani izi" ndikanayenera kuloza, eni ake ali gone pomwepo akumva. Ndikanayeneranso kunena kuti pansi pa tepiyo pali ntchito yanga yoipa. Ndinaweramitsa mutu, nkutsanzika.

Lamulungu a Feliya anabwera, anapeza babu likuyaka, anadandaula za chotupa, nkubwerera okha. Mayi Muhiwa ananditumizira nthochi kudzera kwa agogo.

Lolemba dzuwa linatuluka. Panelo inayambanso kudzaza batire. Ife tinali ndi ntchito ya masiku atatu kwa Nchilamwela, ndipo kuti ndipemphe nthawi yopita kwa a Muhiwa ndikanayenera kunena chimene ndikukachita. Ndinati ndipita Lachinayi.

Lachitatu, cha m'ma teni koloko m'mawa, ndili pa makwerero, foni ya a Makwiti inalira. Anamvetsera. Kenako anati, "Tsika. Siya zonse."

Panjira, pa njinga yamoto, anangonena mawu awiri: "Kwa Muhiwa."

Tinapeza nyumba ili chilili, malata atada, utsi woonda ukutuluka pawindo la kuchipinda. Anthu anali atazimitsa kale ndi ndowa ndi mchenga. Amayi awiri oyandikana nawo, amene ankayanika chimanga panja, ndi amene anaona utsi, nkukankha chitseko, nkuwakoka bambowo pa bulangete. Mmodzi anatiuza kuti matumba a kusiling'i ankachucha moto ngati mvula, ndipo bambowo ankangokuwa kuti "Eya! Eya!" poti liwu lina analibe. Anapsa miyendo yonse iwiri ndi dzanja lakumanja, lija sakanatha kulichotsa. Galimoto ya munthu wina wa pa msika inali itawatengera ku chipatala cha ku boma. Anthu anakaitana akazi awo m'munda wa tiyi, ndipo mayiwo anathamangira kuchipatalako dengu lili kumsana.

A Makwiti sanafunse munthu aliyense. Anagwada pabalaza, pomwe moto sunafike kwenikweni, nkuyamba ndi batire. Anamasula mutu wakuda kaye, monga mwa lamulo. Kenako anatsegula kabokosi ka fyuzi, nkuitulutsa, nkuiyang'ana poyera.

"Fyuzi ndi yamoyo," anatero motsitsa.

Kwa munthu wa ntchito yathu palibe mawu oipa kuposa amenewo m'nyumba yopsa. Amatanthauza kuti moto unadutsa njira ina.

Anaona nsonga ziwiri zija pa mitu ya batire. Anazigwira ndi chala. Munthu wamba akamangirira waya pa batire amangozengereza mulimonse. Izi zinali zosendedwa bwino, zopindidwa ngati ndowe, zolowera mbali imene natiyo imamangira, momwe iwo eni anandiphunzitsira. Sanandiyang'ane. Anatsatira wayayo, amene pulasitiki yake inali itasungunuka njira yonse, mpaka pamwamba pa khoma logawa zipinda. Pamenepo anapeza mfundo zanga ziwiri. Tepi kunalibe. Kulemera kwa nsalu kunali kutakoka mfundozo mpaka mkuwa wa wofiira unakhudza wa wakuda, ndipo zinali zitagwirana nkukhala kampira kamodzi kosungunuka. Batire inali yodzaza ndi dzuwa la masiku awiri, nsalu zinali zitauma, ndipo panjira yonseyo panalibe chozimitsa.

Anathyola kachidutswako ndi pulayasi, nkukaika m'thumba la shati. Tinatuluka nkukhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Maola anayi tinakhala pamenepo. Anthu ankabwera, kusuzumira pawindo, nkumanong'ona. Ena ankati sola ndi yoopsa. Ena ankati mayiyo ndi wosasamala. A Makwiti sanandifunse kanthu, ndipo ine ndinadziwa kuti akudikira.

Cha m'ma fili koloko mayi Muhiwa anafika kudzatenga mbale ndi chilichonse chofunda chimene chinapulumuka. Anali ndi a Feliya, mayi wamtali wovala duku loyera, amene anachokera ku Goliati atangomva. Onse awiri maso anali ofiira. A Feliya analowa kuchipinda, nkukhalamo kanthawi, nkutuluka molunjika kwa a Makwiti.

"Inu ndi a magetsi aja? Tandiuzani chimene chawotcha achimwene anga."

"Waya wa kuchipinda anachotsedwa pa malo ake nkumangidwa pa batire penipeni," anayankha. "Ndiye mawaya atagundana, panalibe chowateteza."

"Anachotsa ndani?"



"Ndine," anatero mayi Muhiwa. "Ndinaona kuti kwada, ndiye ndinasuntha ndekha."

Sanandiyang'ane nkomwe. Ankadziwa kuti ine ndi agogo timadya za ntchito imeneyi.

"Mwamva?" a Feliya anatembenukira anthu. "Mwamva nonse? Kumusiya yekha sikunakwane, mpaka kumutchera moto pamutu. Ndinanena ine. Ndinanena kuyambira chaka chatha."

Ndinaimirira. Liwu litatuluka linali laling'ono moti ndinachita kubwereza.

"Si iwo. Ndine. Ndinasuntha ndine Lachisanu, ndi sipanala ya teni. Mfundo imene yayaka ndinapotanso ndine, tsiku loika lija, ndipo abwana sindinawauze. Nsalu zili pa waya ndinaziona. Sindinanene kanthu."

"Khala chete iwe," anatero mayi Muhiwa. "Ndinakupempha ndine."

"Munapempha chifukwa simunkadziwa. Ine ndinkadziwa."

A Feliya anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Ndiwe mwana wa ndani?"

Wina m'gulumo anawauza. Nkhope yawo inafewa pang'ono, koma mawu sanafewe.

"Wanena zoona, mwana iwe, Mulungu wamva. Koma kwa ine nchimodzimodzi. Kaya ndi iwe, kaya ndi alamuwa, moto unayamba munthu ali yekha m'nyumba. Pakanapanda amayi a chimangawa, bwenzi pano tikukumba." Anatembenukira mayi Muhiwa. "Alamu, sitikangana pa anthu. Akatuluka m'chipatala akupita kwathu. Kumeneko tilipo atatu, wina akachoka wina amatsala."

Mayi Muhiwa anakhala pansi pakhonde, mbale ziwiri zakuda ndi mwaye zili pamiyendo, nkuyamba kuzipukuta ndi nsonga ya chitenje.

Ndinkaganiza kuti kunena zoona kubweza kanthu. Sikunabweze.

A Makwiti anapita kwa mayi Muhiwa ndi a Feliya nkuvula chipewa. Anati ntchitoyo inali ya shopu yawo, ndipo iwo ndi amene anafunsira pakhomo m'malo molowa kukaona ndi maso. Analonjeza kukonza chipindacho, ndipo anakonzadi. Pobwerera anaimitsa njinga pakati pa minda ya tiyi, pomwe panalibe anthu, nkutulutsa kachidutswa kaja.

"Kuperewera kwa waya si mlandu. Kutha kwa makonekita si mlandu. Ukananena, bwenzi babu limenelo titaika mawa lake. Nchifukwa chiyani unati zili bwino?"

"Ndinkaopa."

"Nanga Lachisanu?"

"Ndinawamvera chisoni."

"Chisoni cha mtundu umenewo usadzabwere nachonso ku ntchito kwanga," anatero, nkuliza njinga.

Sanandichotse. Mwezi wotsatira wonse tinayendera nyumba iliyonse imene ndinagwirako, kutsegula kabokosi kalikonse, kukoka waya aliyense. Mfundo ina yopota sitinaipeze. Koma m'nyumba zinayi tinapeza eni ake atadzisunthira okha mawaya ku batire nthawi ya chiperoni ija, ndipo m'nyumba imodzi fyuzi itafa anakulungamo kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya.

Agogo nditawauza sanandikalipire, sananditonthozenso. Anangofunsa ngati ndapita kukazonda wodwala. Ndinapita kamodzi. Bambo Muhiwa anali atakulungidwa mabandeji, ndipo diso lawo lija linanditsatira kuyambira pakhomo mpaka pamene ndinagwada. Sindikudziwa ngati anauzidwa. Ndinapepesa. Sanayankhe, ndipo sindidzadziwa ngati kunali kukana kapena kusowa liwu.

Anakhala m'chipatala masabata asanu ndi awiri, akazi awo akugona pansi pambali pa bedi. Atatuluka anapita ku Goliati. Mayi Muhiwa anabwerera ku tiyi, poti mvula inali pafupi ndipo malo sadikira munthu. Ankapita kukawaona Lamulungu lililonse limene akanatha, nkukhala ngati mlendo, kudikira kuti awapatse madzi osambitsira amuna awo. Bambowo anamwalira mu Januwale, pakati pa sabata. Uthenga unawapeza mayiwo ali pamzere wa sikelo.

Patapita miyezi iwiri ndinapita kwawo ndi bokosi langa. Panelo inali ikadali padenga, batire tinali titaisunga ku shopu. Ndinati ndabwera kudzabwezeretsa magetsi, mwa njira yake tsopano, ndi paipi ndi makonekita. Anandipatsa mpando, nkufunsa za mawondo a agogo. Kenako anati:

"Usavutike, mwananga. Ine ndekha ndimavala mumdima bwinobwino. Ndiyatsire ndani?"

Panelo ija anaipereka kwa mwana wa mchemwali wawo.

Papita zaka tsopano, ndipo ntchito ndikugwirabe, madera omwewa. Zimene ndimachita si zachilendo, zili m'maphunziro alionse a sola. Waya akaperewera, babu limenelo siliyaka tsiku limenelo. Khoma likakana makilipi ndimakhoma thabwa kaye, kapena ndimadutsitsa paipi. Batire ndimaitsekera m'bokosi lokhala ndi mabowo opumira, kuti mitu yake isakhale poyera. Chipinda chilichonse mmene mwadutsa waya ndimalowamo ndekha, kaya muli wodwala, kaya muli apongozi. Ndimapempha, ndimadikira panja mpaka akonzeke, koma ndimalowa. Ndisanachoke ndimakhazika pansi eni nyumba nkuwauza mosabisa: mu Juni ndi Julaye magetsi awa adzazima, ndipo akazima sikuti afa, musasunthe waya, musaike chitsulo m'malo mwa fyuzi, musayanike kanthu pa waya, ngakhale kansalu kamene simufuna kuti anthu aone. Mawu omalizawo amandivutabe kutchula pamaso pa akuluakulu. Ndimawatchula ndikuyang'ana pansi. M'nyumba mmene muli wodwala ndimawauza agule kanyale kotchaja padera, azikasunga kodzaza.

Chaka chilichonse chiperoni chikagwa pamakhala wina wondipempha zomwe anandipempha mayi Muhiwa, ndipo chifukwa chake nthawi zambiri chimakhala chomveka: mwana akulemba mayeso, mayi wangobereka kumene, bambo akudwala. Ndimamvetsera mpaka amalize. Kenako ndimakana. Ena amandinena kuti ndine wouma mtima, kuti mwana wamasiye ankayenera kudziwa mavuto a anzake. Sindiwatsutsa. Ndimayeza batire, ndimakoka waya aliyense, nkuwauza kuti adikire dzuwa.